Amene Sali m'Kaundula: Mmene Nkhokwe za mu Kompyuta Zimamangidwira ku Joni

Mu Novembala 2024 anthu a ku Soweto ndi madera ena a Johannesburg anafola mizere italiitali pa maofesi a Eskom, ena atalawirira m'bandakucha, chifukwa cha mita ya magetsi. Mitayo sinafe, mawayanso anali bwinobwino. Chimene chinkatha ndi malo olembapo nthawi. Aliyense wogula mayunitsi amawadziwa manambala 20 aja amene timalowetsa m'mita chala chikunjenjemera kuopa kuphonya imodzi. M'kati mwa manambalawo mumabisala kachiwerengero ka mphindi zimene zadutsa kuchokera pa 1 Januwale 1993, ndipo mita imayang'ana kachiwerengeroko kuti idziwe ngati tokeni ndi yatsopano kapena inalowetsedwapo kale. Akatswiri amene anakonza njirayi, yotchedwa STS, anapatsa kachiwerengeroko danga lokwana mphindi 16,777,216 basi. Mphindi zimenezo ndi zaka 31 ndi miyezi pafupifupi 11, ndipo zinathera pa 24 Novembala 2024. Kuti mita isayambe kukana mayunitsi atsopano, mwini wake anayenera kulowetsamo matokeni awiri apadera osunthira chiyambi cha kuwerengako ku chaka cha 2014. Makasitomala a City Power, kampani ya magetsi ya mzinda wa Johannesburg, anachita zimenezi, a Eskom anachita, ndipo kumudzi ku Malawi nako a ESCOM anauza anthu kuchita chimodzimodzi.

Nkhani ya mitayi yaika poyera chinthu chimene chimabisika m'makompyuta a boma, a mabanki ndi a zipatala. Tsiku lina munthu anakhala pansi n'kusankha zoti zizilembedwa, kukula kwa danga lolembamo, ndi zoti zizisiyidwa, ndipo chisankho chakecho chimalamulira anthu amene pa nthawiyo anali asanabadwe n'komwe. Malo osungiramo zolembedwazo akatswiri amawatcha database, ife tingati nkhokwe. Chimene mumachiona ndi maso, kaya ndi apu ya pa foni, sikirini ya kalaliki wa ku banki kapena makina otulutsa ndalama, ndi pulogalamu. Pulogalamuyo ili ngati mwana wotumidwa: imapita ku nkhokwe kukatapa kapena kukathira, koma nkhokwe ili kuseri ndipo ambiri sitiiona. Mfundo ya nkhani ino ndi yakuti nkhokwe yabwino imamangidwa poyamba mwa kumvetsera mafunso amene mapulogalamu adzaifunsa tsiku ndi tsiku, koma maziko ake amakumbidwa pa zinthu zenizeni zimene zili kunjaku, monga munthu, nyumba, mita ndi ngongole, chifukwa pulogalamu imakalamba msanga pamene zolembedwa zimakhala zaka makumimakumi. Womanga akasowa chimodzi mwa ziwirizi, wovutika amakhala munthu wa pa mzere uja.

Tiyambire pa chinthu chodziwika kwa Mmalawi aliyense wa ku Joni. Pafupi ndi Park Station pali matransipota amene amanyamula katundu kupita ku Blantyre, Mangochi, Lilongwe ndi Mzimba, ndipo ambiri amalemba zonse m'kope la hadikava. Mzere uliwonse uli ndi dzina la wotumiza, nambala yake ya foni, dzina la wokalandira, katundu wake, kaya ndi firiji, matilesi kapena njinga, mtengo, ndi mawu akuti walipira. Kopelo limagwira ntchito bwino malinga funso likhale limodzi: watumiza chiyani lero? Likabwera funso lina, zinthu zimasokonekera. Mayi uyu ali ndi ngongole ya ndalama zingati pa maulendo onse atatu? Ndi katundu wa ndani ali pa thiraki imene yaima pa Beitbridge, nanga wa ndani wadutsa kale pa Tete? Bambo amene anasintha nambala ya foni mwezi watha alipo pa masamba asanu ndi awiri, ndiye nambala yoona ndi iti? Womanga nkhokwe akamva mafunso amenewa amaligawa kope lija m'matebulo. Tebulo lina ndi la anthu, munthu aliyense kulembedwa kamodzi kokha ndi nambala yakeyake. Lina ndi la maulendo, lina la katundu, lina la malipiro. Katundu aliyense amangoloza nambala ya mwini wake ndi nambala ya ulendo wake, moti foni ikasintha amakonza malo amodzi ndipo masamba onse amakhala akonzeka. Nambala yoloza imeneyi ndi imene amaitcha kiyi. Koma taonani tebulo la malipirolo. Womanga amene sanakhalepo pa malo onyamulira katundu angaganize kuti katundu mmodzi amalipiridwa kamodzi, n'kuika danga limodzi lolembamo ndalama. Pamenepo wanamiza nkhokwe yake, pakuti mwambo wa ntchitoyi ndi wakuti theka amalipira wotumiza m'marandi ku Joni, theka n'kukalipira wolandira m'makwacha katundu atafika. Danga limodzi silingasunge malipiro awiri a ndalama za mayiko awiri, pa masiku awiri, kuchokera kwa anthu awiri. Kalaliki adzayamba kulemba zotsalazo pa kapepala, ndipo kapepalako n'kamene kadzayambanitse anthu.

Ndiye chifukwa chake ntchito yomanga nkhokwe siyambira pa kompyuta. Imayambira pa kaunta, womanga ali ndi cholembera, akulemba funso lililonse limene pulogalamu idzafunika kuyankha, amene adzalifunsa, ndi kuchuluka kwa nthawi zimene lidzafunsidwa pa tsiku. Funso lobwerezedwa kambirimbiri, monga kupeza munthu ndi nambala yake ya foni, amalikonzera kanjira kachidule kotchedwa index, kofanana ndi mndandanda wa mitu kumayambiriro kwa buku. Ntchito imene ili ndi mbali ziwiri zosayenera kulekana, monga kuchotsa ndalama ku akaunti ina n'kuziika ku ina, amaimanga mtolo umodzi kuti magetsi akazima pakatikati zonse zibwerere pamene zinali. Palinso malamulo amene nkhokwe imadzisungira yokha: isalole katundu wopanda mwini, isalole mita imodzi kukhala pa maakaunti awiri tsiku limodzi. Zimenezi ndi nzeru zakalekale za ntchitoyi ndipo zimaphunzitsidwa ku Wits ndi ku University of Johannesburg. Chovuta n'kuzitsata pamene nkhokwe ndi ya mzinda wathunthu.

Johannesburg imene tikuidziwa lero inapangidwa mu Disembala 2000, pambuyo pa zaka zingapo zolumikiza makhonsolo amene m'nthawi ya tsankho anali osiyana: Sandton ndi kaundula wake, Randburg ndi wake, Roodepoort, Soweto, aliyense ndi kalembedwe kake ka mapuloti ndi maakaunti. Pa nthawi yomweyo mzinda unagawa ntchito zake kwa makampani ake, City Power ya magetsi, Johannesburg Water ya madzi ndi Pikitup ya zinyalala. Cholinga cha ntchito yotchedwa Phakama, imene inadya ndalama zokwana pafupifupi R580 miliyoni, chinali chabwino ndithu: kusamutsira zonse mu pulogalamu imodzi ya SAP kuti munthu azilandira bilu imodzi yoona. Zotsatira zake mu 2010 ndi 2011 anthu a mumzindawu sanaziiwale. Ena analandira mabilu a ndalama zoti nyumba wamba singathe kuwononga, ena anatha miyezi osalandira bilu kenaka n'kudulidwa magetsi, ena analephera kugulitsa nyumba chifukwa chikalata chotsimikiza kuti alibe ngongole sichinkatuluka. Nyuzipepala zinkanena za maakaunti pafupifupi 65,000 okhudzidwa, ndipo meya wa nthawiyo, Amos Masondo, anadzudzulidwa kwambiri atanena kumayambiriro kwa 2011 kuti vutolo silinafike poti n'kulitcha ngozi. Kuti bilu imodzi ituluke yoona, unyolo wonse uyenera kukhala wolumikizika: puloti ilumikizike ndi mwini wake monga alili ku ofesi yolembetsa malo, mwiniyo ndi akaunti, akaunti ndi mita, mita ndi chiwerengero cha mwezi uno, chiwerengerocho ndi mtengo woyenera. Mphete imodzi ikaduka, pulogalamu sidandaula. Imachulukitsa manambala amene yapatsidwa n'kusindikiza. Mita ya mnzako ikalozedwa pa akaunti yako, kompyuta idzakulipiritsa madzi ake mwezi ndi mwezi mosaphonya.

Wina anganene kuti vuto la Joni silinali la kamangidwe ka nkhokwe, linali la anthu: owerenga mita amene sanafike pakhomo n'kungoyerekeza, antchito osaphunzitsidwa mokwanira, andale ofuna kuti ntchito ioneke yatha. Mawu amenewa ali ndi choonadi, ndipo palibe tebulo limene lingamukakamize munthu kutsegula chivundikiro cha mita. Komabe kulakwa kwa anthu ndi chimodzi mwa zosowa zimene womanga ayenera kuziwerengera kuyambira pachiyambi. Nkhokwe yomangidwa ndi munthu wodziwa kuti mita zina siziwerengedwa imasiyanitsa chiwerengero chenicheni ndi choyerekeza, imasunga tsiku ndi dzina la wolemba, ndipo imaimitsa bilu imene yadumpha kakhumi kuposa ya mwezi watha mpaka munthu aione. Imasunganso mbiri. Mita ikasinthidwa sifufuta yakaleyo, imalemba kuti iyi inagwira kuyambira tsiku lakuti kufika tsiku lakuti. Pulogalamu yosindikiza bilu sifuna mbiri imeneyi, imangofuna za mwezi uno. Amene amaifuna ndi kalaliki wa pa kaunta ya madandaulo, yemwe gogo wamubweretsera mapepala a zaka zitatu m'jumbo. Womanga akamvetsera pulogalamu ya mabilu yokha n'kuiwala ya madandaulo, kalalikiyo amangotsala ndi mawu akuti kompyuta ikutero.

Pali funso lina lozama kuposa ili, ndipo ku Johannesburg linafika mpaka ku khothi lalikulu loona za malamulo a dziko. Kodi mzere umodzi wa m'nkhokwe ukuimira chiyani? Ku Phiri, dera la ku Soweto limene dzina lake limamveka ngati lathu ngakhale m'Chisutu limatanthauza fisi, mzinda unayamba kuika mita za madzi zolipiriratu mu 2004. Madzi aulere anali malita 6,000 pa mwezi, ndipo ankaperekedwa pa puloti. Koma puloti ya ku Soweto si banja limodzi. Kuseri kwa nyumba kuli timazipinda ta lendi, ndipo aliyense amene anakhalako m'chipinda chakuseri ku Diepsloot kapena ku Cosmo City akudziwa kuti mpopi umodzi umatha kumwetsa anthu 15 kapena 20. Pa mlandu wa Mazibuko, umene chigamulo chake chinaperekedwa mu Okutobala 2009, anthu a ku Phiri anadandaula za kuchepa kwa madziwo, ndipo khothi linagamula mokomera mzinda, mwa zina povomereza kuti kuwerenga anthu a pa puloti iliyonse nthawi zonse ndi ntchito yolemetsa kwambiri. Mwezi womwewo, pa mlandu wa Joseph, khothi lomwelo linamva za anthu a lendi a m'nyumba ya Ennerdale Mansions amene anadulidwa magetsi popanda chenjezo chifukwa cha ngongole ya landilodi. Kwa City Power kasitomala anali landilodiyo, pakuti ndiye anali pa akaunti. Khothi linati alendiwo anayenera kuchenjezedwa kaye. Milandu iwiriyi ndi ya malamulo, koma pansi pake pali chisankho cha womanga nkhokwe. Pulogalamu yotolera ndalama imangofuna kudziwa wolipira, ndiye nkhokwe inamangidwa mozungulira puloti ndi akaunti. Wa lendi amamwa madzi, amayatsa getsi, amalipira kudzera kwa landilodi, koma alibe mzere wake. Boma likadzafuna kuthandiza osauka kapena kuchenjeza okhudzidwa, nkhokwe yotere ilibe poyambira.

Apa ndi pamene otsutsa amphamvu kwambiri amalowera, ndipo iwowa ali ndi mbiri kumbuyo kwawo. Iwo amati kulakwa kwenikweni ndi kumvetsera mapulogalamu kumene. M'zaka za m'ma 1960 nkhokwe zinkamangidwa motsata pulogalamu imodzi, monga IMS ya kampani ya IBM imene inayamba ndi kusunga mndandanda wa zipangizo za zombo za Apollo. Funso latsopano likabwera, pamafunika kulemba pulogalamu yatsopano yotsata tinjira tomwe tinakumbidwa kale. Mu 1970 Edgar Codd, katswiri wa masamu wa ku IBM komweko, anasindikiza pepala lonena kuti deta isungidwe m'matebulo mosadalira pulogalamu iliyonse, kuti aliyense adzathe kuifunsa funso limene womanga sanaliganizire. Kuchokera pamenepo kunabwera chinenero cha SQL chimene mabanki a ku Sandton akugwiritsabe ntchito, ndipo mu 1976 Peter Chen anaonetsa njira yojambulira zinthu zenizeni ndi maubale ake munthu asanakhudze kompyuta. Otsutsawa amati: jambulani dziko monga lilili, mapulogalamu adzadzionera okha. Ine ndikuona kuti theka la mawu awo ndi loona kotheratu, ndipo umboni uli ku Sandringham, kumene kuli likulu la National Health Laboratory Service, bungwe loyeza magazi ndi zina la anthu pafupifupi 80 mwa 100 alionse a m'dzikoli. Labotale imafuna kudziwa chinthu chimodzi: kabotolo aka kachokera chipatala chiti, ndipo zotsatira zibwerere kuti? Nkhokwe yake inakula mozungulira kabotolo. Ofufuza a ku Wits ndi Boston University atafuna kudziwa ngati anthu omwa ma ARV akupitiriza mankhwala akasamuka chipatala, anapeza kuti palibe nambala imodzi yodalirika yotsata wodwala. Anachita kulemba pulogalamu yofananiza mayina, masiku obadwa ndi zipatala pa zotsatira mamiliyoni ambiri, kuti ayerekeze ngati dzina lolembedwa mosiyana pang'ono ku Hillbrow ndi ku Tembisa ndi la munthu mmodzi. Ntchito yaikulu chotere ikanachepa wodwala akanakhala ndi mzere wakewake kuyambira pachiyambi.

Theka linalo ndi limene sindigwirizana nalo. Dziko monga lilili silingajambulidwe lonse. Munthu mmodzi ali ndi dzina la ubatizo, dzina la kumudzi, mfunda, mfumu yake, msinkhu, ngongole, matenda, ana. Zoti zilowe m'nkhokwe ndi ziti? Palibe yankho popanda kufunsa kuti nkhokweyo idzagwira ntchito yanji. Amene amayesa kujambula zonse amatha zaka akujambula, ndipo zimene amatulutsa zimakhala matebulo mazanamazana ochedwa kuyankha ngakhale funso la tsiku ndi tsiku. Ku Malawi kuli chitsanzo cha njira yapakati. A Baobab Health atayamba kuika makompyuta ongogunda pa sikirini pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe mu 2001, anayang'ana kaye mmene kalaliki ndi namwino amagwirira ntchito, mzere uli mpaka panja. Anaona kuti wodwala aliyense amabwera ndi kabuku kake ka kuchipatala, ndiye anamata pa kabukuko kapepala ka barcode kokhala ndi nambala ya wodwalayo. Chosowa cha pulogalamu chinali liwiro, koma chimene anachipatsa nambala ndi munthu, moti ulendo uliwonse wa kuchipatala umakamangirira pa iye. Mapulogalamu a zipatala monga OpenMRS alinso ndi kadanga kosonyeza kuti tsiku lobadwa ndi loyerekeza, chifukwa omanga ake anakumana ndi agogo amene amangodziwa kuti anabadwa chaka cha njala. Popanda kadangako kalaliki amalemba 1 Januwale, ndipo patapita zaka palibe angasiyanitse tsiku loona ndi longopeka.

Kwa Mmalawi wa ku Joni nkhani ya kiyi imeneyi si ya m'buku. Chiphaso cha ku South Africa chili ndi manambala 13: asanu ndi imodzi oyamba ndi tsiku lobadwa, anayi otsatira amasonyeza ngati ndi mkazi kapena mwamuna, wina amasonyeza ngati ndi nzika kapena wololedwa kukhala m'dzikomo, ndipo wotsiriza ndi wotsimikizira kuti enawo alembedwa bwino. Womanga wofulumira amaona nambala yokongola chotere n'kuisandutsa kiyi wa tebulo la anthu. Kuyambira tsiku limenelo fomu yake imakana aliyense wopanda manambala 13, ngakhale lamulo likumulola kulandira thandizolo. Wina wochenjererapo amawonjezera danga la pasipoti, koma naye amagwa m'dzenje lina, chifukwa nambala ya pasipoti imasintha munthu akatenga yatsopano. Mayi amene wakhala akusunga ndalama kapena kulandira mankhwala zaka khumi amasanduka anthu awiri, wakale wokhala ndi mbiri yonse ndi watsopano wopanda kalikonse. Njira yolondola ndi yosavuta: nkhokwe ipatse munthu nambala yake ya m'kati imene sisintha, ndipo ziphaso zikhale pa tebulo lina, chilichonse ndi mtundu wake, dziko lake ndi masiku ake, kaya ndi pasipoti, chikalata cha wothawa kwawo, kapena chiphaso cha NRB chimene Amalawi oposa 9 miliyoni analembetsa mu 2017. Makampani otumiza ndalama monga Mukuru amalandira pasipoti ya kunja chifukwa makasitomala awo ndi alendo omwewo, ndipo zimenezi zikusonyeza kuti luso lilipo. Chimene chimasiyana ndi munthu amene womanga ankamuona m'maganizo pamene ankajambula tebulo. Nambala ya manambala 13 ija ilinso ndi msampha wake: chaka chimalembedwa ndi manambala awiri okha, moti wobadwa mu 1924 ndi wobadwa mu 2024 amayamba mofanana.

Otsutsa ena amachokera mbali ina. Amati palibe angadziwe za mawa, ndipo kabizinesi kakang'ono ka ku Braamfontein kakataya miyezi kakujambula matebulo, anzawo adzakhala atatenga msika. Amaloza makampani akuluakulu monga Amazon, imene mu 2007 inafotokoza nkhokwe yake ya Dynamo, yomangidwa dala mozungulira mafunso ochepa obwerezedwa kosalekeza, monga kuonetsa zimene wogula waika m'basiketi. Nkhokwe za mtundu umenewu zimalola kulemba chinthu chimodzi malo angapo kuti yankho lituluke msanga. Njirayi ndi yoona pa ntchito yake, ndipo ikutsimikiza mbali yoyamba ya mfundo yathu, yakuti mafunso ndiwo amatsogolera. Koma basiketi ya wogula ikasokonekera, munthu amangobwezeramo katundu wake. Kaundula wa mapuloti, wa odwala kapena wa penshoni akasokonekera, munthu amataya nyumba kapena mankhwala. Sikuti womanga alosere zonse. Akatswiri a STS sanalakwe poika malire, pakuti danga lililonse lili ndi malire, ndipo anasiya njira yosinthira chaka choyambira, n'chifukwa chake mita zambiri zinangofuna matokeni awiri m'malo mozulidwa pakhoma. Zimene tingamufunse womanga ndi zochepa: adziwe zisankho zovuta kubweza, makamaka kiyi ndi tanthauzo la mzere umodzi, azichedwerepo, ndipo alembe malire amene waika kuti odzabwera pambuyo asadzawatulukire mzere utafola kale.

Nanga bwanji osangosunga chilichonse kuti mwina chidzafunika? Mbiri ya South Africa ikuyankha. Nambala ya 12 pa chiphaso chija kale inkasonyeza mtundu wa munthu, potsata kaundula amene anayamba ndi lamulo la Population Registration Act la 1950, ndipo danga limenelo ndi limene linkagamula kumene munthu angagone, sukulu imene angaphunzire ndi munthu amene angakwatirane naye. Danga lililonse la m'nkhokwe ndi mphamvu m'manja mwa amene ali ndi makiyi ake. Lamulo la POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julaye 2021, limati bungwe litenge zokhazo zogwirizana ndi cholinga chimene lanena, ndipo Malawi naye anakhazikitsa lamulo loteteza deta mu 2024. Mu 2020 kampani ya Experian inapereka kwa munthu wachinyengo zambiri za anthu okwana 24 miliyoni a ku South Africa. Zimene sizinasungidwe sizingabedwe. Pamenepa kumvetsera zosowa za pulogalamu kumateteza munthu: kiliniki imafunika kudziwa kuti wodwala wa lero ndi yemwe uja wa mwezi watha, ndipo nambala ya m'kati imakwanira pa zimenezo. Ngati palibe ntchito ya chipatala imene ikufuna kudziwa za pemiti yake, danga la pemiti lisakhalepo, pakuti likangokhalapo mayi woyembekezera adzaopa kupita ku sikelo.

Umboni wakuti zolembedwa zimapitirira moyo wa ntchito imene zinalembedwera uli m'midzi ya ku Dedza, Ntcheu ndi Mzimba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, imene pambuyo pake inadziwika kuti TEBA, kwathu n'kumati Theba. Ndege itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi 74, Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu. Ntchitoyo inayambiranso mu 1977 ndipo inatheratu mu 1988. Makadi a Wenela anakonzedwa kuti ayankhe mafunso a olemba ntchito: munthu uyu wapita mgodi uti, kontirakiti yake itha liti, ndalama zake zokalandirira kumudzi ndi zingati. Palibe ankafunsa kuti wapuma fumbi la miyala zaka zingati. Mu Julaye 2019 khothi lalikulu la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa R5 biliyoni pakati pa makampani asanu ndi imodzi a migodi ya golide ndi anthu amene anadwala silicosis ndi TB, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti lilipire amene anagwira ntchito m'migodi yokhudzidwayo pakati pa Malichi 1965 ndi Disembala 2019. Kuti munthu alandire, payenera kupezeka umboni wa mgodi umene anagwirako ndi nthawi yake. Makadi aja, ndi nkhokwe zimene anakopereramo, tsopano akufunsidwa funso limene sanamangidwire. Kumene kalaliki analemba nambala ya ntchito ya munthu, mgodi ndi masiku a kontirakiti iliyonse payokha, zaka zimawerengeka. Kumene dzina linalembedwa monga analimvera mlembi wosadziwa Chichewa kapena Chitumbuka, kapena mwamuna anapita pa dzina la mbale wake, mayi wamasiye amafika ndi kabuku kothimbirira kosungidwa m'sutukesi zaka 40, ndipo wa pa kompyuta amayesa kalembedwe aka ndi ako kufunafuna mzere wa malemuyo.